Mfundo Yofiira pa Chingwe cha Obulesu

Obulesu anamwalira pa 14 Meyi 2018, m'dzenje la suweji la kuseri kwa msika wa masamba m'tauni yathu. Dokotala amene anapima mtembo analemba kuti anafa ndi mpweya woipa wa m'dzenjemo. Apolisi analemba kuti panalibe mlandu. Onsewo sananame, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi inafika kwa ine, loya.

Amene anaibweretsa ndi mng'ono wake wa malemuyo, Sunkanna, bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu, amene tsiku la ngoziyo ndiye anagwira chingwe. Atafika ku ofesi yanga anavula nsapato n'kuima pakhomo. Ndinachita kumukakamiza kuti alowe, ndipo atalowa anakhala m'mphepete mwa mpando ngati ukuotcha.

Ntchito yawo inkayenda chonchi. Khonsolo ya tauni inapereka ntchito yotsegula masuweji otsekeka kwa kontirakita wina dzina lake Gangiraju. Gangiraju sankalola wantchito wake kutsika ndi makwerero. Munthu ankamumanga chingwe m'khwapa, anzake n'kumamutsitsa pang'onopang'ono atanyamula ndowa ndi chitsulo chotokosera. Pachingwepo panali mfundo yopakidwa penti yofiira. Mfundoyo ikafika pakamwa pa dzenje, otsitsa ankaima. Pamenepo munthu amakhala atamira m'manyi a tauni mpaka m'chiuno, koma mapazi ake ali m'malere, kutatsala utali wa chikhatho kuti afike pansi. Ankagwira ntchito akulendewera choncho. Eni akewo ankautcha katungwe mchitidwe umenewu.

Chifukwa cha mfundo yofiirayo chinali m'lamulo limene Nyumba ya Malamulo ya chigawo chathu inapanga mu 2009. Mawu oyamba a lamulolo ankati lapangidwa "pofuna kuthetseratu mchitidwe wotsitsira anthu m'zonyansa za anzawo". Ndime yachitatu inkaletsa munthu aliyense kutuma mnzake kuti alowe m'suweji. Ndime yachisanu inkalamula khonsolo kuti aliyense amene wakhala akulowamo imupatse ntchito ina ya kumtunda. Koma ndime yachiwiri, yotanthauzira mawu, inkati: "Kulowa ndiko kuponda pansi pa suweji kapena pa dzenje lake." Obulesu sanaponde pansi. Choncho, malinga ndi apolisi, anafera m'dzenje limene sanalowemo.

"Ndiye mukufuna chiyani kwenikweni?" ndinamufunsa Sunkanna. "Gangiraju amangidwe?"

Anandiyankha ndi mawu a ulemu amene kwathu timaitanira mayi: "Amangidwe, asamangidwe, achimwene sabwerera, amma. Ine ndikufuna kuchoka pa katungwe."

"Mukugwirabe ntchito kwa iye yemweyo?"

"Nanga ndikagwire kuti? Nditsegule malo ogulitsira tiyi? Inuyo mungamwe?" Anandionetsa manja ake n'kuseka pang'ono. "Musayankhe, amma, mungachimwe."

"Ku khonsolo munapitako?"

"Ndinapita kukapempha ntchito ya kumtunda ija imanenedwa. Kalaliki anandifunsa kuti, 'Iwe unalowapo liti m'suweji?' Ndakhala ndikutsika kuyambira 2011. Ndinamufunsa ngati fungo langali akuliyesa la lubani wa kukachisi. Anandiitanira mlonda."

Mu Ogasiti 2018 ndinakasuma ku khoti lalikulu, kupempha zinthu ziwiri: linene kuti kulendewera pachingwe ndi kulowa, ndipo lilamule khonsolo kupatsa Sunkanna ndi anzake ntchito ya kumtunda. Tsiku lomva mlandu linaikidwa pa 11 Juni 2019. Tsikuli linali lothina. Mvula yathu imayamba mu Juni, ndipo ikangogwa, dzenje loyamba kutsekeka ndi la kumsika lija. Chaka cha imfa ya Obulesu, atolankhani akadali m'tauni, khonsolo inabwereka galimoto yopopa kuchokera ku tauni ina. Tsopano atolankhani anali atapita, ndipo Gangiraju, atamva za kusumako, anamuuza Sunkanna pamaso pa anzake kuti chaka chino dzenje la kumsika ndi lake.

Njira yanga inali yodziwika kwa loya aliyense. Mawu a lamulo akabala chinthu chopusa, timapempha khoti kuti lifunse chimene opanga lamulo ankafuna. Ine ndinkakhulupirira kuti ndime yachiwiri inali kupunthwa kwa wolemba wofulumira, amene ankaganiza za munthu wotsika ndi makwerero osalota n'komwe kuti kudzabwera Gangiraju ndi penti wake. Kuti ndilimbitse zimenezi ndinkafuna mawu a munthu amene analipo. Wapampando wa komiti imene inaunika lamulolo lisanavoteredwe anali a Venkatadri, mnzawo wa malemu bambo anga. Anali atapuma pa ndale, ndipo ankakhala kumunda kwawo kwa mango ndi mtedza. Mu Epulo ndinakwera basi yam'mawa pamodzi ndi Sunkanna kupita kumeneko. Ndinkaganiza kuti mkuluyo akaona nkhope ya mwini maliro, cholembera chidzayenda mosavuta.

Tinawapeza pakhonde, atakhala pa thabwa lalikulu lolendewera pa matcheni a mkuwa, akudzikankha ndi chala cha kuphazi. Pamiyendo pawo panali mbale ya idli, timikate ta mpunga, ndi chiponde cha tsabola.

"Vasundhara, mwana wa a Subbarayudu. Kwera, kwera. Bambo ako ankandibera pa makadi, iwe wabwera kudzandibera chiyani?" Kenaka anayang'ana kumbuyo kwanga. "Uyu ndani?"

"Ndi a Sunkanna, ayya," ndinatero, kumuitana mkuluyo mwaulemu ngati bambo, "amene ndikuwaimira pa mlandu."

"Oho, wa suweji uja. Khala pomwepo iwe, pali mthunzi."

Pomwepo panali pansi pa masitepe. Mayi wantchito anabwera ndi tiyi. Wanga unali m'kapu yachitsulo yonyezimira. Kwa Sunkanna anangoloza ndi chibwano kabowo ka pakhoma la khola la ng'ombe, mmene munali tambula. Sunkanna anakaitenga, mayiyo n'kuthira tiyi ketulo ili m'mwamba kuti isakhudze. Mchitidwe umenewu, wosala anthu a mtundu wa Sunkanna ngati odetsedwa chibadwire, unaletsedwa ine ndisanabadwe. Kapu yanga ndinaiika pansi.

"Ayya," ndinatero, "ndabwera kudzapempha kuti mulembe molumbira chimene Nyumba inkafuna mu 2009. Ndime yachiwiri ikuoneka kuti inalakwika polemba."

Thabwa lija linaima.

"Inalakwika? Mwana wanga, m'lamulo lonse lija ndime imene inalembedwa ndi munthu wogalamuka ndi yomweyo. Ndinailemba ndine."

Ananyambita chiponde pa chala, n'kuyamba kufotokoza ngati munthu amene wakhala akudikira womufunsa.

"Chisankho chinali pafupi. Anthu atatu anali atafera m'dzenje limodzi ku likulu, nyuzipepala zikulira ngati ndi abale awo. Nduna inati lamulo lituluke mwezi womwewo. Ndiye apampando a makhonsolo anabwera kwa ine, ena misozi ili mbwee. Makina tigula ndi chiyani? Tikagula, adutsa pati m'tinjira ta kumsika, poti ngakhale njinga ziwiri sizipatukirana? Ndiye tauni ikasefukira, atsike ndani? Mwamuna wako?"

"Choncho munaganiza za chingwe."

"Chingwe sitinachilembe. Zinthu zina sizilembedwa, zimangosiyiridwa malo. Nduna inapeza lamulo lake, makhonsolo anapeza tulo, awa anapeza chingwe. Ndipo usachinyoze chingwe. Kale munthu akakomoka pansi, mnzake ankatsika kukamutenga, n'kufa awiri, atatu. Tsopano mumangokoka." Anasuzumira pansi pa masitepe. "Si choncho iwe? M'bale wako munamutulutsa msanga, eti?"

"Msanga, ayya," anatero Sunkanna. "Anali akadali wofunda."

"Wamva? Wanena mwini wake."

Ndinafunsa ngati aphungu ena ankadziwa tanthauzo la ndimeyo.

"Pa komiti tinalipo asanu ndi awiri, ndipo panalibe mwana. Koma m'Nyumba, ndime yotanthauzira mawu amaiwerenga ndani? Ena anali ku nkhomaliro, ena ankawodzera. Itafika nthawi anaomba matebulo movomereza onse pamodzi, ngakhale otsutsa boma." Anayambanso kudzikankha. "Kulemba ndilemba, mwana wanga, koma ndilemba zoona. Zaka khumi palibe amene anandifunsapo za ndime imeneyi. Anthu amayamika wovala malaya, telala amamuiwala."

Ndinawathokoza, n'kunena kuti sipafunikanso kulemba. Sunkanna anatsuka tambula pa mpopi wa kukhola, anaibwezera m'kabowo kake, ndipo tinatuluka.

M'basi, titadutsa minda ya mtedza, Sunkanna anandifunsa:

"Amma, ndiye kuti lamulo lili bwinobwino? Silikudwala?"

"Lili monga analifunira a komiti."

"Ine ndimayesa Gangiraju ndi wanzeru. Kani anangozipeza zophikaphika." Anapukusa mutu. "Tiyi munausiya. Unali wabwino. Kungoti m'tambula mwanga munali kangaude, ndiye ndinayamba ndamupepesa kuti asamuke."

Sindinaseke, ndipo anandiyang'ana.

"Tagonja, amma?"

"Chimene ndinapitira kumeneko kulibe. Ndikafunafuna china."

"Mukafunefune mvula isanabwere."

Pa 20 Meyi loya wa khonsolo, a Seshachalam, anapereka ku khoti chikalata cholumbirira cha a Venkatadri. Ndinamva pambuyo pake kuti a Seshachalam sanachite kuchifuna. Mkuluyo anaimba yekha lamya titangochoka. M'chikalatamo munali zonse zimene anandiuza pakhonde paja, zotsukidwa bwino: komiti inasankha mawu akuti "kuponda" mwadala, kuti ntchito ya chingwe ipitirire mpaka makhonsolo atapeza makina. Sanalembe kuti makinawo adzapezeka liti.

Pa 11 Juni m'chipinda cha khoti munali chifundizi, mitambo itayamba kale kusonkhana kumadzulo. Jaji anali bambo wa imvi wotsala pang'ono kupuma ntchito, wodziwika ndi zigamulo zazitali. A Venkatadri anakhala pa benchi yakutsogolo atavala zoyera, mpango wa silika paphewa. Sunkanna anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Pansi pa tebulo la kalaliki panali thumba lomata ndi chidindo cha apolisi, ndipo aliyense ankadziwa kuti muli chiyani, chifukwa chingwecho sichinachapidwe chichokereni m'dzenje.

A Seshachalam anapempha kuti chingwe chitambasulidwe ndi kuyezedwa. Jaji anavomera n'kuyang'ana mesenjala wa khoti. Mesenjala anayang'ana thumba, n'kunena kuti msana wake sukumulola kuwerama sabata imeneyo.

"Pali wina amene angathandize khoti?" anafunsa jaji.

Mitu yonse inatembenukira kuchitseko. Ndinaima kuti nditsutse, koma Sunkanna anali atanyamuka kale. Anamasula thumba, n'kuyala chingwe pakati pa mabenchi. Chinali chouma gwa, chakuda cha kumapeto kumene chinkamangidwa m'khwapa, ndipo tizidutswa tinkayoyoka pansi. Maloya anakwinya mikanjo yawo. Jaji anaphimba mphuno ndi kansalu. Sunkanna anagwira tepi yoyezera, a Seshachalam n'kumawerenga manambala ataima patali ngati akusuzumira m'chitsime. Dzenje linali lakuya mamita asanu. Kuphatikiza chingwe kuchokera pa mfundo yofiira ndi msinkhu wa malemu kuchokera m'khwapa, panatsala masentimita makumi awiri. Sindinatsutse. Manambalawo anali olondola.

"Bwana Jaji," anayamba a Seshachalam, "mnzanga wophunzirayu wabwera ndi misozi, ine ndabwera ndi tepi. Ndime yachiwiri ikuti kuponda. Kuponda amakudziwa ngakhale mwana woyamba kuyenda. Khoti silipanga malamulo, limawawerenga. Koma popeza mnzangayu wadzaza mapepala ake ndi mawu akuti cholinga cha Nyumba, cholinga cha Nyumba, ine cholingacho ndachibweretsa chenichenicho. Chavala mpango, chakhala apo kutsogolo."

Anthu anaseka. A Venkatadri anaphatikiza manja n'kuwerama pang'ono. Chikalata chawo chinawerengedwa chonse, iwo akugwedeza mutu pa chiganizo chilichonse ngati munthu womvera nyimbo imene anapeka yekha.

Itafika nthawi yanga ndinati: "Bwana Jaji, sindikutsutsa kuti chikalatachi chikunena zoona. Ndikupempha kuti khoti lisachiwerengere."

"N'choona, koma ndisachiwerengere?"

"Inde. Nyumba ilibe pakamwa pena kupatula mawu amene inavotera. Aphungu analipo oposa mazana awiri. Chimene anthu asanu ndi awiri anagwirizana m'chipinda cha komiti, osachilemba ndiponso osachinena m'Nyumba, ndi chinsinsi chawo, si lamulo. Mukalandira zimene phungu mmodzi akukumbukira lero, mawa kubwera wina wokumbukira zosiyana, ndipo tanthauzo la lamulo lidzadalira amene wachedwa kufa."

"Chabwino. Koma mawu akuti kuponda anavoteredwa. Amenewo ndiwataye?"

"Musawataye. Muwawerenge pamodzi ndi anzawo amene anavoteredwa tsiku lomwelo. Mawu oyamba a lamuloli akuti kuthetseratu mchitidwe wotsitsira anthu m'zonyansa. Sakuti kutsika, akuti kutsitsira. Munthu amatsika ndi makwerero, koma amatsitsidwa ndi chimene chagona apocho. Ngati kuponda kukutanthauza khungu la phazi kukhudza simenti basi, ndiye kuti ndime yachitatu ikuteteza mapazi okha, mphuno ndi mapapo ayi. Obulesu sanafe ndi mapazi."

"Mnzanuyu akuti Nyumba inasiya mpata dala."

"Ikanafuna chingwe ikanalemba chingwe, Bwana Jaji. Mawu ake ndi afupi. Sinalembe. Khoti lisailembere Nyumba chimene iyo inachita manyazi kulemba."

Jaji analemba kwa kanthawi, kansalu kali pamphuno. Kenaka anavula magalasi.

"Amma, ndikufunseni ngati munthu. Inuyo mukukhulupirira kuti Nyumba inkafunadi kuthetsa zimenezi?"

"Zimene ndimakhulupirira ine si umboni, Bwana Jaji, monganso zimene akukumbukira a Venkatadri."

Anati adzagamula Lachiwiri lotsatira, ndipo anapempha kuti chingwe chibwezeredwe m'thumba msanga. Amene anachibwezera ndi Sunkanna. Ndikukhala pansi, a Seshachalam anandinong'oneza: "Ndamva kuti munayamba ndinu kupita kumunda kwa mango. Akanakuuzani zokoma, bwenzi lero mukunena kuti mawu a phungu ndi golide."

"Bwenzi inuyo mukunena zimene ndanena ine," ndinayankha.

"Mwina bwino kuposa inu," anatero, n'kutseka fayilo yawo.

Mvula yoyamba inagwa pa 17 Juni masana. Sunkanna anandiimbira lamya kuti madzi a kumsika afika pa mabenchi a ogulitsa tomato, ndipo Gangiraju wagula chingwe chatsopano, wachipaka kale penti. Gangirajuyo anamuuza kuti Lachitatu m'mawa akonzeke.

Pa 18 Juni jaji anawerenga chigamulo. Chikalata cha a Venkatadri anachikana m'mizere iwiri: zokumbukira za phungu mmodzi si cholinga cha Nyumba. Kenaka anatenga nthawi yaitali akufotokoza cholinga chenichenicho. Anati Nyumba ya 2009 inagwidwa ndi chisoni chachikulu poona kuzunzika kwa ana a dziko lino. Anati aphungu, mbali zonse ziwiri, anaimirira ndi mtima umodzi kuti munthu asadzanyozedwenso chifukwa cha kubadwa kwake. Anati sizingalowe m'mutu wa khoti kuti Nyumba yolemekezeka chotero inkafuna kuti nzika izilendewera m'zonyansa ngati ndowa, ndipo kuganiza choncho n'kuitukwana. Ndinkamvetsera ndikuyang'ana khosi la a Venkatadri kutsogolo kwanga. Poyamba linali litauma. Jaji atafika pa mtima umodzi, linayamba kugwedezeka movomereza.

Pomaliza analamula kuti kutsitsira munthu m'suweji mwa njira iliyonse, mapazi aponde kapena asaponde, ndi kulowa. Ntchito ya chingwe ilekeke tsiku lomwelo. Khonsolo ipatse Sunkanna ndi anzake ntchito ya kumtunda monga ikunenera ndime yachisanu.

Zonse zimene ndinapempha ndinapatsidwa, ndipo zambiri mwa izo m'mawu anga omwe. Ndinatseka fayilo yanga n'kutuluka.

Panja, pakhonde la khoti, panali atolankhani ndi anthu a chipani chakale cha a Venkatadri. Sindikudziwa amene anawaitana, koma nkhata ya maluwa achikasu inali itagulidwa chigamulo chisanawerengedwe. Ndikuganiza kuti ikanavekedwa mulimonse mmene mlandu ukanathera. Anawaveka mkuluyo, ndipo iye anakonza mpango n'kuyankhula.

"Izi n'zimene tinkafuna kuyambira pachiyambi. Khoti lamva kugunda kwa mtima wathu. Ndikuthokoza kuti ndakhala ndi moyo mpaka kuona tsiku lino."

Mtolankhani wina wamkazi anafunsa za chikalata chimene jaji anakana.

"Maloya, mwana wanga. Amakulembera zinthu, iwe n'kusaina usanavale magalasi."

A Seshachalam, amene anali ataima pambali panga, anaseka ndi mphuno n'kupita kukafuna galimoto yawo.

Wojambula anapempha kuti wodandaula aime pamodzi ndi tate wa lamulo. Anamukoka Sunkanna ndi mawu, osati ndi dzanja. A Venkatadri anaphatikiza manja pachifuwa n'kumwetulira. Pakati pa awiriwo panatsala malo okwana munthu wina. Wojambula anati asenderane, ndipo mkuluyo anapendeketsa mutu wokha.

Atandiona anandikodola. "Waona, mwana wanga? Ine ndinasiya malo, iwe wadzazamo. Lamulo labwino limatero. Bambo ako akananyadira."

Ndisanayankhe, mesenjala uja anatulukira pakhomo. Msana wake unkaoneka kuti wachira.

"Iwe wa suweji, bwera udzachotse katundu wako. A jaji akuti chipinda chikununkha."

"Umenewo ndi umboni," ndinatero. "Ndi wa apolisi. Aitaneni adzautenge."

"Apolisi akuti mlandu watha, sakuufunanso."

"Asiyeni, amma," anatero Sunkanna. "Akachitenga apolisi, chibwerera kwa Gangiraju. Chingwe sichitayidwa."

Ndinalowa naye. M'chipindamo munalibe anthu, mafani akungozungulira. Anagwada, n'kumanga bwino pakamwa pa thumba.

"Ndiye mawa ndisapite kumsika?"

"Musapite. Mawa m'mawa tikumane ku khonsolo, ndibwera ndi chigamulo."

"Kalaliki uja akandifunsanso kuti ndinalowapo liti?"

"Mumuuze kuti a jaji anena kuti munalowa."

"Zaka zonsezi ndimayesa ndikulendewera, kani ndinali nditalowa." Anaseka pang'ono. "Achimwenenso analowa?"

"Analowa."

Anagwedeza mutu, n'kusenza thumba paphewa. Anayenda kulunjika khomo limene tinalowera, koma mesenjala anatambasula dzanja.

"Uko kuli alendo. Dzera kumbuyo."

Anadzera kumbuyo. Ine ndinatulukira kutsogolo. Mvula inali itayambanso, ndipo ngalande ya pamsewu wa khoti inali itatsekeka. Madzi akuda, okhala ndi tizinthu toyandama, anali atafika pa matayala a galimoto ya a Venkatadri. Mkuluyo anaima pa sitepe yomaliza, maluwa ali m'khosi, atakwinya nsalu yake yoyera mpaka m'mawondo. Dalaivala wawo ankayang'ana uku ndi uku, kufuna woti amuitane adzatsegule ngalandeyo.